Dziko la m'gemu likakula kuposa Malawi

Pakati pa anthu okonda masewero a pa kompyuta muno mu Mzuzu, mkangano wa gemu imene ili ndi dziko lalikulu kuposa zonse sutha, ndipo kawirikawiri umathera pa manambala amene wina wawaona pa foni yake. Wina amatchula Grand Theft Auto V (GTA V), wina Just Cause, wina Minecraft, ndipo amene watchula nambala yaikulu ndiye amatengedwa kuti wapambana. Ine ndimakonda kwambiri magemu a mtundu umenewu, amene amatchedwa open world, momwe wosewera amaloledwa kupita kulikonse kumene maso ake aona popanda kukakamizidwa kutsata njira imodzi, koma ndaona kuti nambala ya masikweya kilomita imabisa zambiri kuposa zimene imaulula. Kompyuta ikhoza kuyala chigwa chachikulu ngati boma lonse la Mzimba m'kanthawi kochepa popanda kutaya ndalama iliyonse. Chimene chimadya ndalama ndi zaka ndi ntchito ya munthu amene amakhala pansi n'kuganiza kuti kuseri kwa phiri ili kukhale chiyani, ndiponso kuti wosewera akafika kumeneko apeze chifukwa chokondwera kuti anapatuka.

Gemu imene imaonetsa bwino nkhaniyi ndi yakale ndithu. M'chaka cha 1996 kampani ya Bethesda ya ku America inatulutsa The Elder Scrolls II: Daggerfall, ndipo mapu ake amawerengedwa kuti ndi pafupifupi masikweya kilomita 161,600. Dziko lathu la Malawi, kuphatikizapo gawo lathu la nyanja, ndi masikweya kilomita 118,484, kotero kuti munthu akanatha kuika dziko lonseli m'kati mwa gemuyo, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, malo ena n'kutsalabe. Eni ake ankanena kuti muli matauni, midzi ndi mapanga pafupifupi 15,000 komanso anthu 750,000, ndipo zonsezi zinkakwana pa CD imodzi. Palibe gulu la anthu limene likanamanga midzi yochuluka chonchi ndi manja, choncho mbali yaikulu ya dzikolo inayalidwa ndi pulogalamu yotsata malamulo amene opanga anaipatsa. Zotsatira zake zinali zakuti pakati pa tauni ina ndi inzake panali thengo lofanana, lopanda chochitika, ndipo osewera ambiri sankayendamo n'komwe. Ankatsegula mapu, n'kusankha dzina la kumene akupita, n'kupezeka afika.

Chimene Bethesda inachita pambuyo pake ndi chimene chimandichititsa chidwi. Mu 2002 inatulutsa Morrowind, yomwe dziko lake silifika ngakhale masikweya kilomita 30, ndipo mu 2011 inatulutsa Skyrim, yomwe imayerekezedwa kuti ndi pafupifupi masikweya kilomita 37. Kampani yomwe inali itasonyeza kale kuti ikhoza kupanga dziko loposa Malawi inasankha dala kubwerera ku kadziko kamene munthu angakadutse wapansi tsiku limodzi, n'kuika miyala, mabwinja ndi tinjira take mosankha. Anthu amene anasewera Skyrim amakumbukira msewu wochokera ku Riverwood kupita ku Whiterun ngati mmene munthu amakumbukirira malo amene anakhalako, pamene m'matauni zikwizikwi a mu Daggerfall ndi ochepa amene wosewera angawasiyanitse ndi anzake.

Ambiri a ife tinayamba kudziwa dziko lotseguka kudzera mu Grand Theft Auto: San Andreas, ya kampani ya Rockstar, imene inatuluka mu 2004 pa PlayStation 2, ndipo mpaka lero imapezeka m'malaputopu akale ndi m'mafoni chifukwa sifuna makina amphamvu. Muli mizinda itatu, Los Santos, San Fierro ndi Las Venturas, muli chipululu, nkhalango, midzi ya alimi ndi phiri la Chiliad, ndipo aliyense amene anaisewera ali wamng'ono amalumbira kuti ndi dziko lalikulu zedi. Komabe mapu onsewo ndi pafupifupi masikweya kilomita 36, kutanthauza makilomita 6 mbali iliyonse. Ulendo wochoka mu Mzuzu kupita ku Ekwendeni, womwe ndi pafupifupi makilomita 20, ndi wautali katatu kuposa kudutsa San Andreas yonse kuchokera kumpoto kufika kummwera.

Kukula kumene tinkakumva kunali kopangidwa mwaluso. Misewu ya kumidzi inakhotetsedwa mozungulira mapiri kuti ulendo utalike, mzinda uliwonse unapatsidwa nyengo ndi mtundu wake wa kuwala, milatho inatsekedwa mpaka nkhani itafika pamene wosewera ayenera kuwoloka, ndipo nkhungu inkaphimba zakutali, choyamba chifukwa makinawo sakanatha kujambula zonse nthawi imodzi, komanso chifukwa chinthu chosaoneka chimamveka ngati chili kutali. Umboni wake unaoneka mu 2021 pamene gemuyo inatulutsidwanso itakonzedwera makina atsopano ndipo nkhungu ija inali itachotsedwa. Anthu atakwera pamwamba anaona mizinda yonse itatu nthawi imodzi, ndipo anadandaula kuti dziko lachepa, ngakhale kuti palibe mita imodzi imene inachotsedwa.

Pali magemu ena amene ali pakatikati, ndipo awa ndi amene amatchulidwa kwambiri pa mikangano ija. Just Cause 2 ya mu 2010 ili ndi zilumba zopeka za Panau, zokwana pafupifupi masikweya kilomita 1,000, kufanana ndi malo osungirako nyama a Vwaza. Fuel, gemu ya mpikisano wa magalimoto imene kampani ya Asobo ya ku Bordeaux m'dziko la France inapanga mu 2009, ili ndi masikweya kilomita 14,400, komwe ndi kuposa kanayi kukula kwa paki ya Nyika ndiponso pafupifupi theka la Nyanja ya Malawi. The Crew ya mu 2014 inafinya dziko la United States kuti likwane m'masikweya kilomita pafupifupi 5,000. Pa manambala onsewa tiyenera kukumbukira liwiro, chifukwa mu Just Cause munthu amauluka ndi parachuti ndi ndege, ndipo mu Fuel amathamanga ndi galimoto, pamene mu Skyrim amayenda wapansi kapena pa hatchi. Kilomita ya woyenda pansi ndi kilomita ya wokwera ndege sizingaikidwe pa sikelo imodzi, ndipo dziko lopangidwira galimoto yothamanga liyenera kukhala lotambalala ndi lopanda zambiri, apo ayi woyendetsayo sangaone kanthu.

Tikadutsa pamenepa timafika kumene manambala amasiya kumveka. Minecraft, imene Markus Persson wa ku Sweden anayamba kuipanga mu 2009, ili ndi dziko lomangidwa ndi mabuloko onga timabokosi, lomwe malire ake ali pa mabuloko pafupifupi 30 miliyoni kuchokera pakati kupita mbali iliyonse, ndipo popeza buloko imodzi imawerengedwa ngati mita imodzi, dzikolo ndi makilomita 60,000 m'litali ndi 60,000 m'lifupi. Awa ndi masikweya kilomita 3.6 biliyoni, pafupifupi kasanu ndi kawiri kukula kwa dziko lapansi, lomwe ndi masikweya kilomita 510 miliyoni. Wosewera woyenda wapansi osaima usana ndi usiku angafunike masiku oposa 160 kuti achoke ku malire ena kufika ku malire ena. Komatu gemu yomweyi imatheka pa foni wamba ya mwana wa sukulu ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa.

Zimatheka chifukwa dzikolo silisungidwa lonse mu foni. Chimene chimasungidwa ndi malamulo a masamu pamodzi ndi nambala imodzi yoyambira, imene osewera amaitchula kuti seed. Wosewera akayandikira malo amene sanafikeko, gemu imatenga nambala ija ndi pamene waimapo, n'kuwerengera kuti nthaka ikwere bwanji, mtsinje udutse pati, mitengo imere yotani, ndipo imachita zimenezi m'timagawo ta mabuloko 16 m'litali ndi 16 m'lifupi. Popeza masamu omwewo amapereka yankho lomwelo nthawi zonse, anthu awiri oika nambala imodzi mu mtundu umodzi wa gemuyo, wina ali ku Luwinga wina ali ku Tokyo, adzapeza phiri lomwelo pa malo omwewo. Njira imeneyi, yomwe akatswiri amaitcha procedural generation, si yatsopano. Mu 1984 David Braben ndi Ian Bell, ali ophunzira ku Cambridge, anaigwiritsa ntchito mu gemu ya Elite ndipo anakwanitsa kuika milalang'amba 8, uliwonse wa mapulaneti 256, mu kompyuta ya BBC Micro imene inali ndi memory ya makilobayiti 32 okha, malo osakwana ngakhale chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp.

Braben yemweyo, kudzera mu kampani yake ya Frontier, anatulutsa Elite Dangerous mu 2014, yomwe ili ndi mlalang'amba wathu wonse wa Milky Way pa kukula kwake kwenikweni, ndi magulu a nyenyezi pafupifupi 400 biliyoni, ndipo patatha zaka zonsezi osewera onse pamodzi sanafikebe ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a nyenyezizo. Kenako mu 2016 kagulu kochepa ka Hello Games ka ku Guildford ku England, kotsogozedwa ndi Sean Murray, kanatulutsa No Man's Sky, yomwe ili ndi mapulaneti 18,446,744,073,709,551,616. Munthu atati azikhala sekondi imodzi pa pulaneti iliyonse, angafunike zaka pafupifupi 585 biliyoni. Gemuyi itangotuluka anthu ambiri anakhumudwa, chifukwa atafika pa mapulaneti khumi kapena makumi awiri anayamba kuzindikira kuti nyama ndi zomera zake ndi zidutswa zomwezo zolumikizidwa mosiyanasiyana. Ndimalemekeza opanga ake chifukwa sanathawe, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuwonjezera zinthu kwaulere, monga kumanga nyumba, kusewera ndi anzako ndi nkhani zotsatira. Koma onani kuti zonse zimene zinapulumutsa gemuyo ndi zochita zoganiziridwa ndi anthu, ndipo palibe amene anapempha kuti mapulaneti awonjezeredwe.

Aliyense amene anadutsapo mu nkhalango ya Chikangawa pa msewu wa M1 m'masiku amene mitengo ya paini inali yodzaza akudziwa mmene dziko lotere limamvekera. Poyamba maso amasangalala ndi kubiriwira ndi nkhungu, koma popeza mitengo ndi ya mtundu umodzi ndipo inabzalidwa m'mizere, pakapita kanthawi munthu sangadziwe ngati wayenda makilomita asanu kapena makumi awiri, ndipo amayamba kudikira chizindikiro chilichonse chomuuza pamene wafika. Maiko oyalidwa ndi masamu ali choncho: ndi aakulu moona, ndi okongola pa kuona koyamba, koma amayamba kudzibwereza msanga.

Sindikufuna kunena kuti dziko lopangidwa ndi masamu ndi lachabe, chifukwa Minecraft yokha ikhoza kunditsutsa. Kusiyana kwake ndi kwakuti Minecraft salonjeza kuti kuseri kwa phiri kuli nkhani yokudikira. Imakupatsa nthaka, miyala, mitengo ndi usiku woopsa, ndipo tanthauzo la malo umaliika wekha pomanga nyumba, pokumba mgodi ndi polima munda. Phiri limene linali nambala chabe limasanduka kwanu chifukwa unagwirapo ntchito. Ngakhale zolakwika zake zinasanduka malo oyendera: m'mitundu yakale ya gemuyo masamu ankasokonekera pa mtunda wa mabuloko pafupifupi 12.5 miliyoni, n'kupanga zipupa zachilendo zotchedwa Far Lands, ndipo wosewera wina wodziwika pa YouTube, Kurt J. Mac, anayamba ulendo wapansi wopita kumeneko mu 2011, nauyenda kwa zaka zoposa khumi uku akusonkhanitsa ndalama zothandizira mabungwe achifundo. Kutalika kwa ulendowo kunakhala ndi phindu chifukwa munthu anaupatsa cholinga.

Amene anaganiza mozama kwambiri za funso la kukula, mwa kuona kwanga, ndi a Nintendo popanga The Legend of Zelda: Breath of the Wild ya mu 2017. Mtsogoleri wa ntchitoyo, Hidemaro Fujibayashi, anafotokoza kuti anatenga mapu a mzinda wa Kyoto, kumene kampaniyo ili, n'kuwagwiritsa ntchito poyeza mitunda, chifukwa ankadziwa ndi miyendo yake kuti kuchoka pa malo akuti kufika pa malo akuti kumatopetsa bwanji. Opangawo anafotokozanso kuti anadzaza dzikolo ndi mapiri ndi zitunda zosongoka kuti zizibisa zimene zili kutsogolo, kotero kuti wosewera ayenera kusankha kukwera kapena kuzungulira, ndipo njira iliyonse imamuululira chinthu chatsopano pang'onopang'ono. Anayamba ndi kufunsa kuti munthu angayende mphindi zingati asanaone chomukopa, ndipo kukula kwa mapu kunatsatira yankho la funso limenelo. Ndikhulupirira kuti uwu ndiwo muyeso woyenera kuyezera magemu onse otere.

Kwa ife okhala kuno pali muyeso wina umene olemba za magemu a kunja sautchula kawirikawiri, ndiwo kulemera kwa gemu mu magigabayiti. Chodabwitsa n'chakuti maiko aakulu kwambiri ndiwo opepuka, ndipo ang'onoang'ono omangidwa ndi manja ndiwo olemera. No Man's Sky ndi mapulaneti ake onse aja inali magigabayiti 6 okha pa disiki pamene inkatuluka, ndipo mbali yaikulu inali mawu ndi nyimbo. GTA V, yomwe mapu ake ndi kachidutswa poyerekeza, inafuna magigabayiti 65 itafika pa kompyuta mu 2015, ndipo Red Dead Redemption 2 imafuna 150. Chifukwa chake n'chomveka: khoma lililonse lojambulidwa, mawu aliwonse a munthu wodutsa mumsewu ndi kayendedwe kalikonse ka hatchi ziyenera kusungidwa penapake, ndipo anthu oposa 1,000 anagwira ntchito pa GTA V kuti zinthu zimenezi zikhalepo. Munthu wogula bandulo ya intaneti ya pa sabata amadziwa tanthauzo la magigabayiti 150, makamaka magetsi akazima dawunilodi ili pakati. N'chifukwa chake achinyamata ambiri kuno amadziwa bwino misewu ya San Andreas, zilumba za makilomita 8 mbali iliyonse za PUBG Mobile ndi maiko a Minecraft, pamene maiko atsopano olemerawo amawaonera pa mavidiyo a ena. Mosangalatsa, Daggerfall ija Bethesda inaipereka kwaulere kuyambira mu 2009, ndipo imatheka pa laputopu iliyonse imene ikuyakabe.

Pali mtundu wachitatu wa dziko, lomwe silinapekedwe ndi munthu kapena masamu koma linakoperedwa ku dziko lenileni. Asobo, kampani yomwe inapanga Fuel, ndiyo inapanga Microsoft Flight Simulator ya mu 2020, momwe muli dziko lapansi lonse ndi mabwalo a ndege pafupifupi 37,000, lomangidwa kuchokera ku zithunzi za masetilaiti ndi za ndege za Bing Maps zokwana mapetabayiti awiri, kutanthauza magigabayiti pafupifupi 2 miliyoni. Munthu akhoza kuuluka pamwamba pa mapiri a Viphya n'kutsetserekera ku Nkhata Bay akuona nyanja ikutambasuka kutsogolo kwake, ndipo sindingabise kuti zimenezi zimandikhudza mtima. Koma kufanana kwake si kwa malo onse. Mizinda ngati New York inajambulidwa mwatsatanetsatane, nyumba ndi nyumba, pamene malo ambiri a dziko lapansi, kuphatikizapo kuno kwathu, pulogalamu imayang'ana madenga pa chithunzi n'kungoyerekeza nyumba imene ingakhale pansi pake. Mapiri ndi mitsinje zimakhala m'malo mwake, koma msika, makabaza ndi mmene anthu amamangira sizionekamo. Komanso zambiri mwa zithunzizo zimabwera kudzera pa intaneti pamene munthu akuuluka, choncho amene ali ndi netiweki yofooka amaona dziko losalala ndi losaoneka bwino.

Kudalira makompyuta a kampani kumeneku kuli ndi ngozi imene inaoneka poyera pa The Crew. Gemuyo sinkatheka popanda kulumikizana ndi maseva a Ubisoft, kampani imene inaitulutsa, ndipo pa 31 March 2024 masevawo anatsekedwa. Masikweya kilomita 5,000 aja, ndi misewu yochokera ku New York kufika ku Los Angeles, anasiya kufikika kwa aliyense, ngakhale amene anagula disiki ndi ndalama zake, ndipo zimenezi zinayambitsa kampeni ya Stop Killing Games yofuna kuti malamulo aziletsa makampani kupha gemu imene anthu anagula. Pamenepa ndimaima ndi ogula mosakayika. Munthu amene wasunga ndalama miyezi ingapo kuti agule gemu ayenera kufunsa, asanafunse za kukula kwa mapu, ngati dzikolo lidzakhalabe m'makina ake tsiku limene kampani idzaone kuti silikupindulitsanso.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa nkhani yonseyi ndi chakuti pa maiko omangidwa ndi manja, aja amene anthu amawakumbukira msewu ndi msewu, malo ngati athu mulibe. Los Santos ndi Los Angeles wovala dzina lina, Altis ya mu Arma 3, ya masikweya kilomita 270, inatengera chilumba cha Lemnos ku Greece, ndipo Kamurocho ya mu magemu a Yakuza ndi kadera kakang'ono kotengera Kabukicho ku Tokyo, komwe opanga akhala akukabwerezabwereza kwa zaka zambiri mpaka osewera akudziwa sitolo iliyonse. Gemu yodziwika imene inayesa mbali yathu ya Africa ndi Far Cry 2 ya mu 2008, ya masikweya kilomita 50, ndipo opanga ake anapita ku Kenya kukaona udzu, kuwala ndi mmene moto umayendera m'tchire. Thengo lake analipanga bwino ndithu, koma dzikolo silinapatsidwe dzina, nkhani yake ndi nkhondo, mfuti ndi miyala ya dayamondi, ndipo wosewera amadwala malungo kuyambira pachiyambi. Anthu wamba okhala ndi moyo wawo, ogulitsa pa msika kapena opita ku sukulu, saoneka m'misewu yake.

Ngati Kamurocho ndi San Andreas zikutiphunzitsa kanthu pa ntchito, ndi chakuti wofuna kupanga dziko lokumbukika safunika malo aakulu kapena anthu chikwi kuti ayambe. Mapulogalamu opangira magemu monga Godot ndi aulere, Blender yopangira zinthu zooneka ndi yaulere, ndipo misewu ya Mzuzu ilipo kale pa OpenStreetMap kuti aliyense aigwiritse ntchito. Kadera kochokera pa depoti ya mabasi kudutsa mu msika waukulu kukafika ku Katoto kakwanira kukhala gemu yonse, ngati amene akukapanga akudziwa kumene makabaza amaima, mmene Chitumbuka ndi Chichewa zimasinthanirana pa malonda amodzi, ndi mmene kuzizira kwa m'mawa wa mu July kumasinthira nthawi imene anthu amatsegula mabenchi awo. Ophunzira za makompyuta a ku Mzuzu University ndi achinyamata ena odziphunzitsa okha ali ndi chidziwitso chimenechi kale, ndipo ndikanakonda kuona ena mwa iwo akuyamba ndi msewu umodzi wokha, n'kuumaliza bwino asanawonjezere wachiwiri.